Loda imodzi, zida zambiri: zimene zimasintha mukachotsa mapini a baketi

Loda zambiri zakale za pa thirakitala, zida za mikono iwiri zonyamulira katundu kutsogolo, zinabwera ndi baketi yomangidwa ndi mapini anayi. Awiri amagwira kunsonga kwa mikono ya loda, awiri enawo amagwira kunsonga kwa masilinda amene amapendeketsa baketi kuti itape kapena ikhuthule. Kamangidwe kameneka n'kolimba, n'kopepuka, ndipo katundu amakhala pafupi ndi thirakitala. Vuto limabwera tsiku limene mukufuna kuchotsa baketi n'kuikapo mafoloko onyamulira mapaleti, matabwa okhomedwa pamodzi osanjikapo katundu. Mapini ogwidwa ndi dzimbiri amafuna hamala ndi chitsulo chokhomera. Pobwezeretsa pamafunika anthu awiri, wina pa mpando akusuntha mikono pang'onopang'ono, wina pansi akusuzumira m'mabowo kuti aone ngati alunjikana. Apa m'pamene ena amapisa chala m'bowo kuti amve ngati laongoka, ndipo mkono wa loda ukangotsika pang'ono chalacho chimapita. Anthu akatopa ndi chintchito chimenechi amangosiya baketi pamenepo chaka chonse, n'kumamangirirapo mitengo ndi migolo ndi unyolo, zinthu zimene baketi sinapangidwire.

Njira yothetsera vutoli amalonda amaitchula kuti quick attach kapena quick hitch. Pa mapini anayi aja pamamangidwa felemu yachitsulo imene simachokanso, ndipo chida chilichonse chimakhala ndi msana wofanana umene felemuyo imakowa n'kutseka. Loda imasanduka ngati mpini umodzi wolandira khasu lero, nkhwangwa mawa. Woyendetsa amasintha chida yekha m'mphindi zochepa, popanda hamala. Ine ndimaona kuti pa zonse zimene munthu angawonjezere pa loda yakale, ichi ndicho chimabweza ndalama msanga. Komabe felemuyo imasintha zinthu zitatu zimene ambiri saziganizira pogula: mmene chida chimapendekekera, kulemera kumene loda ingakweze, ndi chimene chikuletsa chida kugwa chikakhala m'mwamba.

Choyamba n'kusankha mtundu, chifukwa mitunduyi simalowana. Wofala kwambiri ku America unachokera ku makina aang'ono otchedwa skid steer. Makinawo anayamba ndi abale awiri, Cyril ndi Louis Keller a ku Rothsay m'chigawo cha Minnesota, amene mu 1957 anapangira mlimi wa nkhukutembo kaloda kotha kutembenuka m'khola lopanikiza pochotsa manyowa. Kampani ya Melroe ya ku Gwinner ku North Dakota inagula luso lawolo, ndipo makinawo anadzatchedwa Bobcat. Mu 1970 kampaniyo inatulutsa njira yake yokowera zida yotchedwa Bob-Tach. Nthawi ya umwini wa lusolo itatha, makampani ena anayamba kupanga zofanana, mpaka miyeso yake inalembedwa kukhala muyezo wovomerezeka, SAE J2513 ndi ISO 24410. Kagwiridwe kake n'kosavuta. Kumsana kwa chida kuli puleti yotambalala kupitirira pang'ono mita imodzi, yokhala ndi mlomo wopindikira pansi kumtunda kwake. Woyendetsa amaweramitsa felemu kutsogolo, n'kulowetsa mutu wake pansi pa mlomowo, kenako n'kubweza felemu chambuyo mpaka chida chitatsamira. Akatero amatsitsa zogwirira ziwiri, ndipo zitsulo ziwiri zosongoka zimatsika kulowa m'mabowo a m'munsi mwa puleti.

Ku Ulaya kunafala mtundu wina, wotchedwa Euro, umene muyezo wake ndi ISO 23206. Umapezeka pa loda za Quicke zopangidwa ndi kampani ya Ålö ku Sweden, pa za Stoll za ku Germany, ndi pa loda zambiri za mathirakitala apakati ndi aakulu. Apa chida chili ndi ngowe ziwiri kumtunda ndi makutu awiri obooka kumunsi. Felemu ili ndi chitsulo chobulungira chimene chimalowa m'ngowemo, ndipo chogwirira chimodzi chimakankha mapini awiri cham'mbali kulowa m'makutuwo. Pa loda zambiri za mtunduwu mapiniwo amadzitseka okha woyendetsa akabweza chida chambuyo mpaka pamapeto. John Deere ili ndi njira yakeyake pa loda zazing'ono, ya ngowe kumtunda ndi mapini otulukira kumbuyo amene amatsekedwa ndi timapini ta mphete, ndipo pa loda zazikulu imagwiritsa ntchito ya Euro imene imaitcha Global. Ku France kuli ya MX, kumayiko a kumpoto kwa Ulaya kuli ya SMS.

Mkangano wa mtundu wabwino koposa sindiuona phindu. Yonse imagwira ntchito ikapangidwa bwino. Funso lofunika ndi lakuti zida zimene mungapeze pafupi, zogula, zobwereka kapena zobwera m'kontena, zili ndi msana wotani. Zida zakale zaulimi zochokera ku Britain ndi Ulaya kawirikawiri zimakhala za Euro. Zochokera ku America ndi za pa makina a zomangamanga zimakonda kukhala za skid steer. Munthu wokhala ndi mathirakitala awiri asankhe mtundu umodzi pa onse. Kuli zolumikizira zosintha mtundu wina kukhala wina, koma chilichonse chotere ndi chitsulo chinanso pakati pa mikono ndi katundu, ndipo mtengo wake tiuona posachedwa. Samalaninso ndi mapuleti a timakina ting'onoting'ono toyendetsa munthu ataimirira kumbuyo: dzina limafanana, koma puleti yake ndi yaing'ono.

Mukasankha mtundu, pali njira ziwiri zopezera felemu. Makampani ena amagulitsa yopangidwiratu loda yanuyo, potengera nambala ya loda imene imalembedwa pa mkono, osati nambala ya thirakitala. Imeneyi mumangochotsa baketi, n'kulowetsa mapini omwe aja, basi. Ngati ilipo, gulani. Koma loda zambiri zakale, makamaka zimene mtundu wake sudziwikanso kapena zinasinthidwapo kale, zilibe felemu yotere. Apa mumagula felemu yopanda makutu kumbuyo, wowotcherera n'kupanga makutuwo molingana ndi loda yanu. Ntchito yonse yagona pa makutu amenewa.

Miyeso imatengedwa pa baketi yakale isanadulidwe. Pamafunika kukula kwa mapini, chifukwa pini ya inchi imodzi ndi mamilimita 25.4 ndipo ya mamilimita 25 ikalowa m'bushi ya inchi, kachitsulo kobooka kamene pini imazunguliramo, imagwedera kuyambira tsiku loyamba. Pamafunika mtunda wa pakati pa mkono wamanzere ndi wamanja, ndi mpata wa pakati pa makutu awiri okumbatira mkono uliwonse. Koma muyeso umene umalakwika kawirikawiri ndi wa pakati pa bowo la mkono ndi bowo la silinda, komanso pamene bowo la silinda lakhala poyerekeza ndi nkhope ya felemu.

Chifukwa chake n'chakuti silinda ili ndi ulendo wake umene sungasinthe. Imatambasuka mpaka penapake, imabwerera mpaka penapake. Ulendo umenewu ndi umene umasanduka kuzungulira kwa baketi pa pini ya mkono. Mabowo awiriwo mukawatalikitsa, baketi imapeza mphamvu yotapira koma imazungulira pang'ono. Mukawafupikitsa, imazungulira kwambiri ndiponso mwachangu koma mphamvu imachepa. Mukasunga mtunda womwewo koma bowo la silinda n'kulisunthira kutsogolo kapena kumbuyo, kuzungulira konse kumasamukira mbali imodzi. Mudzapeza baketi yokhuthula bwino koma yosabwerera mokwanira, mchenga ukutayikira kutsogolo poyenda. Kapena mudzapeza yobwerera bwino koma yolephera kukhuthula dothi lonyowa, woyendetsa n'kumagwedeza masilinda mpaka mabushi kutha. Palinso china chimene chimaiwalika: felemu yopanda chida iyenera kuwerama kutsogolo mokwanira mikono ili pansi, apo ayi mutu wake sungalowe pansi pa mlomo wa puleti kapena m'ngowe, ndipo kukowa chida kumasanduka ntchito ya anthu awiri ngati kale.

Njira yabwino imene ndimaikhulupirira ndi yodula makutu pa katoni yolimba kapena pa thabwa lopyapyala kaye. Mumawaika pa mapini, n'kuyendetsa silinda ulendo wake wonse, mikono ili pansi ndiponso ili m'mwamba, mukuyang'ana pamene nkhope ya felemu ikuthera. Pamenepo mumaonanso ngati ndodo ya silinda ikukhuza mkono kapena felemu ikamawerama mpaka pamapeto. Ndodoyo ikamatsamira pa chitsulo china katundu ali pamwamba, imapindika. Mabaketi ambiri akale ali ndi timapuleti toimitsira kuti katundu akafika pamapeto atsamire pa mkono m'malo mokoka silinda yotambasuka kale, ndipo felemu yatsopano iyenera kukhala natonso.

Powotcherera, mabowo a mbali zonse ziwiri ayenera kukhala pa mzere umodzi. Owotcherera odziwa ntchito amapisa chitsulo chimodzi chachitali chowongoka m'mabowo onse a mikono, china m'mabowo a masilinda, kenako n'kugwiriza makutu ndi timadontho tokha. Akayesa pa loda n'kuona kuti zonse zikuyenda, amachotsa felemuyo n'kukaimalizira pansi, mosinthanasinthana mbali kuti kutentha kusakokere chitsulo kumodzi. Ngati kugwirizako kukuchitikira pa thirakitala, batire lichotsedwe, waya wa pansi wa makina owotcherera amangidwe pa felemu penipeni kuti magetsi asadutse m'mabushi ndi m'masilinda, ndipo ndodo zonyezimira za masilinda zikutidwe. Kadontho kamodzi ka chitsulo chosungunuka kakamamatira pa ndodo kamang'amba silu, mphira wotsekera oyilo, nthawi iliyonse ndodoyo ikamalowa, oyilo n'kuyamba kudontha. Marodi a E6013, amene amapezeka paliponse ndipo ndi abwino pa mageti ndi mawindo, si oyenera pano. Pamafunika a E7018, osungidwa pouma, ndi makina okhala ndi mphamvu yosungunula puleti yokhuthala. Makutu asangobooledwa: awotchereredwe mabushi, pini ikhale ndi chomangira choiletsa kuzungulira m'makutuwo, ndipo polowera girizi pafikike felemu itamangidwa. Mafelemu ena amabwera ngati mbali ziwiri zosiyana. Pakati pake pafunika chitsulo chozilumikiza, chifukwa masilinda awiri opanda katundu sayenda mofanana, ndipo mbali imodzi imatsogola ina ikutsalira.

Baketi yakale simatayidwa. Makutu ake amadulidwa ndi girayinda, msana n'kusalazidwa, n'kuwotcherera puleti kapena ngowe za mtundu umene mwasankha. Kupendekeka kwa puleti pa msanawo kumapezeka poika baketi pansi posalala, n'kuyandikiza loda ndi puleti itakowedwa kale pa felemu, silinda ili pamene inkakhala baketi ikakhala chathyathyathya. Msana wa baketi zambiri ndi wopyapyala, choncho puleti imangiriridwe ku zitsulo zolimba za kumtunda ndi kumunsi, osati pakati pokha.

Tsopano mtengo weniweni wa ntchitoyi, umene sulembedwa pa lisiti. Felemu ndi puleti zili ndi kulemera kwake, ndipo zimakankhira katundu kutsogolo. Opanga loda amalemba mphamvu yake m'malo awiri, pa pini penipeni ndi pa mamilimita 500 kutsogolo kwa pini, kapena 800 pa loda zazikulu, ndipo nambala yachiwiriyo nthawi zonse imakhala yotsika. Tiyerekeze loda yaing'ono imene katundu wake amakhala mamita 2.5 kuchokera pamene mikono yamangidwa pa thirakitala, ndipo pamenepo imakweza makilogalamu 600, omwe ndi matumba 12 a feteleza a makilogalamu 50. Felemu ikasunthira katunduyo masentimita 10 okha kutsogolo, loda yomweyo imakweza pafupifupi makilogalamu 577. Ngati zitsulo zatsopanozo zikulemera makilogalamu 80 pamodzi, zotsala zimafika cha m'ma 510, popeza zitsulozo zili pafupi ndi mapini ndipo sizilemetsa loda ngati katundu wa patali. Matumba 12 aja asanduka 10. Masilinda opendeketsa ndiwo amamva kwambiri: katundu amene anali theka la mita kuchokera pa pini tsopano ali pa masentimita 60, kutanthauza kuti ntchito yawo yakula ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Nambalazi ndi zachitsanzo, koma kawerengedwe kake ndi komweko pa loda iliyonse.

Pa thirakitala yaikulu kusiyana kumeneku sikumveka kwenikweni. Pa yaing'ono kumamveka tsiku loyamba. N'chifukwa chake felemu iyenera kukhala pafupi ndi mapini mmene kungathekere, ndipo kugula puleti yokhuthala koposa si nzeru nthawi zonse. Puleti yopangidwira makina a zomangamanga ikaikidwa pa kaloda ka thirakitala yaing'ono imadya mphamvu imene ikanakweza katundu. Mafoloko nawonso ndi chimodzimodzi: ogwirizana ndi loda yanu ndi amene mphamvu yawo yangoposa pang'ono ya lodayo. Pali amene akaona kuti loda yafooka amathamangira kumanga valavu yochepetsa mphamvu ya oyilo kuti ikwere. Musatero. Valavu imeneyo ndiyo imateteza pampu, mapaipi, mikono ndi ekiselo yakutsogolo, ndipo mukaimanga chimene chimathyoka chimakhala chodula kuposa matumba awiri amene mumafuna kuwonjezera.

Katundu akapita kutsogolo, kumbuyo kwa thirakitala kumapepuka. Izi n'zoopsa kuposa mmene zimamvekera, chifukwa pa mathirakitala ambiri mabuleki ali pa matayala akumbuyo, ndipo pa amene amakoka ndi matayala akumbuyo okha, mphamvu yonse yoyendera ili komweko. Potsetsereka, katundu ali kutsogolo, matayala opepukawo amangokhwekhwereza. Madzi a m'matayala akumbuyo amathandiza kuti thirakitala isapendeke, koma sachotsa katundu pa ekiselo yakutsogolo. Chimene chimachotsa ndi cholemera chopachikidwa kumbuyo pa mikono itatu yokokera zida, monga bokosi la konkire, chifukwa chili kuseri kwa ekiselo yakumbuyo ndipo chimanyamula mphuno ya thirakitala. Mafoloko ndiwo amafuna cholemerachi kwambiri, popeza paleti imakhala patali kuposa mchenga wa m'baketi. Amabweretsanso ngozi ina: pa loda imene simawongola chida yokha, mafoloko amapendekera kumbuyo mikono ikamakwera, ndipo chipika kapena belo la udzu likhoza kugubuduzika m'mikono mpaka pa woyendetsa. Mafoloko akhale ndi chotchinga kumsana, katundu ayende ali pansi, ndipo chitsulo choteteza woyendetsa thirakitala ikagudubuzika chikhale choimirira, lamba atamangidwa.

Ambiri akalawa kusintha zida amafunanso zokhala ndi silinda yakeyake, monga chibwano chopanira mitengo ndi zinyalala. Loda wamba ili ndi njira ziwiri za oyilo, yokweza ndi yopendeketsa, ndiye pamafunika yachitatu. Ena amakoka mapaipi kuchokera ku zolumikizira zakumbuyo kwa thirakitala, ena amaika valavu yamagetsi imene imabwereka oyilo wa silinda yopendeketsa batani likadinidwa, ena amaika valavu yachitatu yoima payokha. Zolumikizira mapaipi nazonso zili m'mitundu: zida za skid steer zimakonda za nkhope yosalala za ISO 16028, za ulimi zimakonda za kansonga za ISO 7241. Chida chikakhala padzuwa oyilo wa m'mapaipi amafufuma, cholumikizira n'kukana kulowa, ndipo kulumikiza mapaipi awiri a chidacho pamodzi pochisiya kumachepetsa vutoli. Pofufuza podontha gwiritsani ntchito katoni, osati dzanja. Oyilo wa loda amapanikizika kufika pafupifupi mabaa 200 (baa ndi muyezo wa kupanikizika), ndipo kamtsinje kake kopyapyala kamaboola khungu. Bala lake limaoneka laling'ono koma limafuna opaleshoni tsiku lomwelo.

Chatsala ndi chimene ndimachiopa kwambiri. Baketi ya mapini anayi singagwe yokha. Ya quick attach ikhoza, ndipo imagwa m'njira yonyenga. Chida chokowedwa kumtunda kokha chimanyamuka bwinobwino, chimayenda, chimatapa, chifukwa kulemera kwake kumachitsamiritsa pa felemu. Chimachoka pamene woyendetsa wakweza mikono n'kuweramitsa kuti akhuthule, ndipo nthawi imeneyo pansi pamakhala ngolo, lole, kapena munthu wolozera.

Taonani mmene zimachitikira pa mtundu wa skid steer. Baketi yatapa manyowa dzulo, yagona panja, matope auma m'bowo la m'munsi mwa puleti. Woyendetsa akutsitsa chogwirira, chikulimba chisanafike pansi, iye akuchiponda ndi nsapato, sipuling'i ikufinyika ndipo chogwirira chikugona ngati chatseka. Koma mukagwada n'kuyang'ana pansi pa puleti, nsonga ya chitsulo chija sinatulukire. Yatsamira pa matope kapena pamphepete pa bowo. Mapuleti otchipa ena amabweranso ndi mabowo olakwika ndi mamilimita ochepa, moti chitsulo chimangolumako pang'ono. Pa mtundu wa Euro zimachitika chimodzimodzi khutu la chida likapindika, pini n'kudutsa pambali pake m'malo molowa m'bowo, chogwirira chikuoneka kuti chabwerera m'malo.

Choncho kutseka kumatsimikizidwa ndi maso kenako ndi thirakitala. Zimitsani injini, mangani buleki, tsikani, yang'anani nsonga zonse ziwiri kuti zatulukira. Mukakweranso, weramitsani chida mpaka mlomo wake utagunda pansi, n'kukanikiza ndi mikono mpaka matayala akutsogolo atayamba kupepuka, kenako bwererani m'mbuyo pang'ono. Chida chosatsekedwa chimatseguka kumunsi pomwepo, chili pansi pamene sichingapweteke munthu. Mafelemu otsekedwa ndi hayidiroliki kuchokera pa mpando amafunanso kuyesedwa motere, makamaka chifukwa woyendetsa satsika n'komwe. Zitsulo zotsekerazo zipakidwe girizi pamodzi ndi mapini a loda, masipuling'i othyoka asinthidwe msanga, ndipo m'masabata oyamba felemu yowotcherera iyang'anidwe m'mphepete mwa makutu, pamene ming'alu imayambira ngati kamzere ka dzimbiri pa penti. Zida zisungidwe pamalo osalala, zitakhazikika pa matabwa, misana yake italoza kumene thirakitala imachokera, chifukwa chida chosiyidwa chopendekeka pa chulu sichikoweka mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.